Ndege Inadutsa Kawiri pa Lulimile

Msasa wa ku Lugenda
7 Agosto 2022

Achemwali a Laurinda,

Moni wochokera kutchire kuno. Ndikhulupirira kuti inu ndi amayi muli bwino, pamodzi ndi amalume Che Amade ndi onse a ku Lulimile. Kalatayi ndapatsira bambo Gaspar, oyendetsa kamiyau, lole imene imatibweretsera mafuta ndi ufa. Mukafuna kuyankha mukawapeza pa depoti ya kampani, sachoka m'tauni asanadye nkhuku yawo yootcha. Kuno foni ndi yoonera nthawi basi, ndipo wailesi ya shefe, bwana wathu, si yoti munthu ngati ine n'kumafunsirapo za kumudzi.

Khalani pansi musanapitirize. Mlongo wanu wasiya kusenda anyezi kukhitchini. Tsopano ndimauluka.

Chaka chino a kampani akuwerenga njovu kuchokera m'mwamba, ndiye abweretsa kandege ka mipando inayi, kakang'ono koti amuna atatu amakakankha ndi manja. Kumbuyo kumafunika anthu awiri, wina zenera ili wina ilo, ntchito yawo kuyang'ana pansi ndi kutchula nyama zimene aona. Anayesa alonda a nyama, amuna a mfuti aja, koma ambiri anabweza phala la m'mawa m'matumba. Calisto, amene amadzitama kuti anathamangitsapo mkango ndi chikwanje, anatsika akukwawa n'kukagona pansi pa phiko. Ine ndinangopempha mocheza kuti andiyese. M'mimba mwanga munangoti zii, ndipo mpando umodzi ndi wanga.

Achemwali, sindidziwa kuti ndikuuzeni bwanji. Kandegeko kakayamba kuthamanga pa pisita, kabwalo kathu kafumbi kotererapo, thupi lonse limanjenjemera ngati wakhalira injini ya chigayo. Kenako phokoso la matayala limangoleka, mitengo n'kuyamba kutitimira, iwe ukukwera koma mtima watsala pansi. Mtsinje wa Lugenda umene bambo Gaspar amauopa uja, kumwamba ungaubise ndi chala. Pilotu wathu ndi Valter, wa ku Nampula, munthu wanthabwala. Akaona kuti takhala chete amapendeketsa ndege mpaka dziko lonse limadzaimirira pa zenera langa. Tsiku loyamba ndinaitana amayi mokuwa, kenako ndinamupempha kuti abwereze.

Mundiuze za maso a amayi. Munditumizirenso jekete lachikopa la malemu bambo lija, kumwamba m'mawa kumazizira kuposa Lichinga wa mu Julho. Ndegeyi imabwera kwanuko mwezi uliwonse kuti amakaniko aione, choncho musadabwe tsiku lina mukandiona pakhomo.

Mlongo wanu wa m'mitambo,
Telmo

Lulimile, Lichinga
19 Agosto 2022

Telmo mlongo wanga,

Moni. Ife tilipo, poti munthu akamapuma amati alipo. Tamva kuti wamera mapiko. Zikomo, pamtundu pathu pankasowa khwangwala.

Jekete ndapereka kwa bambo Gaspar. Ndinafuna kulichapa koma amayi anakana, akuti lipite ndi fungo la atate ako.

Wafunsa za maso. Imeneyo ndi nkhani yakale, ng'ala inamaliza kutseka diso lachiwiri mvula isanathe. Nkhani ya tsopano ndi miyendo. Yatupa mpaka m'mawondo, ukadina ndi chala pamatsala dzenje. Kuchipatala anati mtima watopa, anapereka mapiritsi okodzetsa, ndiye wonyamula beseni ukumudziwa. Kumsika ndimafika dzuwa lili pamutu, anthu ogula mbatatesi atagula kale kwa ena.

Kalata yako ndawawerengera mpaka ndailoweza. Tikafika poti unaitana amayi mokuwa amaseka, kenako chifuwa chimawagwira. Koma wandionjezera ntchito. Ndege zobwera ku Lichinga kuno timazimva zonse, ukudziwa. Tsopano iliyonse ikalira, ngakhale chindege cha ku Maputo chija, amasiya kudya n'kupendeketsa mutu, amvekere, "Si Telmo ameneyo?" Ine ndimati ayi, wanu ndi wamng'ono. Amati chabwino, koma chakudya sabwereranso.

Pano unapondapo komaliza pa maliro a bambo, ndipo chichokere iwe chimanga takolola kawiri. Amayi sakufuna shuga, sakufuna nsalu. Akufuna akugwire kumaso ndi manja awo, akuti amve ngati wanenepa. Kuchokera ku bwalo la ndege kufika pano, wa mota, njinga yamoto ya hayala ija, amafika madzi a tiyi asanawire. Ukatera, ubwere. Ndanena mosapita m'mbali kuti mawa usati sunamve.

Mlongo wako wa pansi,
Laurinda

Msasa wa ku Lugenda
4 Setembro 2022

Achemwali,

Moni kwa inu ndi amayi. Jekete landikwana ngati anasokera ine. Valter akuti ndikuoneka ngati pilotu weniweni, chatsala ndi magalasi akuda.

Za miyendo ya amayi zandikhudza. Mapiritsiwo muziwapatsa osadumphitsa, ndipo mchere muchepetse, namwino wa kuno wandiuza choncho.

Ndikuuzeni zimene zachitika. Dzuwa likakwera kutchire kuno mpweya umakhala ndi maenje. Ukuuluka bwinobwino, mwadzidzidzi ndege imangogwa ngati wina wakuchotsera mpando, pensulo n'kuyandama pamaso pako, kenako chinachake chimakunyamula n'kukuponya m'mwamba. Mnzanga wa zenera linalo amatseka maso n'kumapemphera, njovu zake ndimamuwerengera ndine. Ine ndimaseka mpaka misozi, ndipo sindidziwa chimene chimandiseketsa. Sabata yatha tinachotsa chitseko kuti mlendo wina ajambule zithunzi. Ndinatulutsa phazi panja, mphepo inatsala pang'ono kundivula nsapato, ndipo muimba wina anadutsa pafupi moti ndinamuona diso.

Chachikulu ndi ichi. Lachitatu pobwerera Valter anandikhazika kutsogolo n'kunena kuti, "Gwira." Ndinagwira chiwongolero, achemwali. Ukakoka pang'ono mphuno ya ndege imadzuka, ukakankha imawerama. Moyo wanga wonse palibe chimene chinandimverapo chonchi, ngakhale galu wathu uja. Usiku wake ndinagona manja ali chogwira m'malere, anzanga a m'hema akundiseka mpaka lero.

Za kubwera, tchuthi sangandipatse kuwerenga kusanathe, ndiye kuti mu Novembro. Calisto wapeza mapiritsi oletsa kusanza ndipo m'mawa uliwonse amazungulira ndege ngati fisi pa khola. Ndikangosowa tsiku limodzi mpando wapita, ine n'kubwerera ku anyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achemwali. Muwauze amayi kuti ndanenepa.

Telmo

Lulimile
16 Setembro 2022

Telmo,

Moni ndikukupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa mwambo.

Lachiwiri lapitali Cremilde, mnzanga wogulitsa nyemba kumsika, anapita m'tauni kukagula keke ya ubatizo wa mdzukulu wake. M'sitolo ya makekemo anapeza amuna awiri akumwa khofi. Wa magalasi akuda samudziwa. Winayo anamudziwira jekete. Akuti unadya makeke awiri ukuonetsa ndi manja momwe ndege imapendekera, ndipo iye atayandikira unayamba kuchita chidwi ndi khoma.

Ndiye unali mu Lichinga muno. Unaponda fumbi lomwe ndimaponda ine, unadya keke, n'kubwerera kukawerenga njovu. Njovuzo zili ndi mwayi, zimaonedwa tsiku lililonse. Ndipo usandiuzenso za maso a nkhono. Ine ndadekha zaka ziwiri, chimene ndaona ndi mabeseni. Za mchere usavutike, uuze namwino wakoyo kuti munthu amene sakudya sachulukitsa mchere.

Amayi sindinawauze za kekeyo. Osati kutchinjiriza iwe, koma sindikufuna kuwapha ndi pakamwa panga. Andikakamiza kuti ndilembe mawu awo, ndiye nawa momwe anenera.

"Asalamu alaikumu mwana wanga Telmo. Ine mayi ako Tausi ndili bwino, alihamudulilahi. Miyendoyi ndi ukalamba chabe. Laurinda asakuopseze, anatengera pakamwa pa atate ake. Ntchito yapamwamba ngati imeneyo usaisiye chifukwa cha ine, anthu a ku mzikiti onse ndawauza kale. Koma ndege zikumandisokoneza, zonse zikulira mofanana. Tsiku lina ukamadutsa umuuze mnzakoyo atsike pang'ono pamwamba pa nyumba, kuti ndidziwe kuti iyi ndiyo ya mwana wanga. Uzivala jekete. Mulungu akusunge kumwambako."

Ndalemba zonse osachotsapo kanthu. Chimene pepala silingakuuze n'choti mawu ochepawa atenga madzulo onse, akupumira pakati. Mayi sauza mwana wake kuti ndikufa. Ndiye ndikukuuza ndine.

Laurinda

Msasa wa ku Lugenda
2 Outubro 2022

Achemwali a Laurinda,

Moni kwa nonse. Kalata yanu yandipweteka, koma ndinu akulu, ndailandira.

Zoona, ndinali m'tauni. Amakaniko anatipatsa nthawi yochepa. Inu mukuwadziwa amayi. Ndikanafika akanandigwira malaya, akanalira, akanati dikira ndikuphere nkhuku, ndipo ine ndikanawayankha chiyani wa mota akuliza hutala panja? Kubwera kongosuzumira n'kuwatsegula bala. Komanso ine amayi ndimawakumbukira akusenza thumba la mbatatesi kuchokera kumunda, akutisiya tonse m'mbuyo. Za miyendo yotupa mukulembazi mtima wanga sunazikonzekere. Mu Novembro ndidzakhala mwezi wathunthu, mabeseniwo ndidzanyamula ndine, inu mudzapume.

Koma mwamva nokha zimene apempha eni ake. Ndamuwerengera Valter ndipo wavomera, naye ali ndi mayi ku Nampula. Lachisanu pa 21 tidzakhala tikuwerenga mbali ya ku Sanga, kufupi ndi kwanuko. Tikamaliza adzakhotera ku Lulimile mwakachetechete. Shefe asadziwe, choncho kutera sitidzatera. Tidzafika anthu akutuluka ku swala ya Ijumaa, mapemphero a ku mzikiti aja. Mudzatulutse bedi la amayi pabwalo, osati pansi pa mtengo wa mapeyala, poyera penipeni kuti ndidzawaone. Muwauze amalume ndi anzawo a ku mzikiti, ndi Cremilde yemwe, abwere adzaone kuti wa jekete uja si munthu wamba. Ana a mu bairo yonse, dera lathu lonselo, adzakamba za tsikuli mpaka kukula.

Mudzamva kulira kwake musanationa. N'kopyapyala, kosiyana ndi kwa chindege cha ku Maputo, amayi sadzasokonezeka.

Mlongo wanu,
Telmo

Lulimile
12 Outubro 2022

Telmo,

Moni. Sindilemba zambiri, ndikulembera pa bondo.

Amayi sakutha kugona chogona. Madzi afika m'chifuwa, amagona chokhala atatsamira ine kapena khoma. Phala amangolawa. Kuchipatala atibweza, akuti tikawasamalire kunyumba, ndipo iwe ndi wamkulu, ukudziwa tanthauzo lake. Amalume Che Amade asamukira pano. Akuti ndikuuze kuti mwana wamwamuna saonera mayi ake pa zenera.

Za Lachisanu lako ndawauza, poti ndikanabisa ukanati ndine wankhanza. Akuwerenga masiku ndi zala. Koma ine ndikuti usadutse. Tera. Kapena kwera kamiyau yomwe yabweretsa kalatayi, mpandowo Calisto autenge. Novembro ndi wako, si wawo.

Laurinda

Msasa wa ku Lugenda
21 Outubro 2022, masana

Achemwali anga okondedwa,

Moni, moni, moni kwa onse. Ndangotsika kumene, ndipo bambo Gaspar amaliza kutsitsa migolo, ndiye ndilemba mothamanga.

Kalata yanu ya pa 12 inandisowetsa mtendere, ndinatsala pang'ono kukwera kamiyau. Koma lero ndaona ndi maso anga, ndipo ndikuti amayi ananena zoona, inu mumakonda kuopseza. Munthu wodwala mwakayakaya sangamutulutsire pabwalo anthu ochuluka chonchija.

Tinabwera chakumpoto, pamwamba pa mapaini. Ndinaona msika, ndinaona denga la mzikiti, kenako mtengo wathu wa mapeyala ndi denga lathu ladzimbiri. Ndinkayembekezera anthu ochepa. Achemwali, munaitana bairo yonse! Azimayi atadzaza pakhonde ndi kuseri, amuna pabwalo atavala zoyera za Ijumaa, ataima m'mizere yowongoka ngati asilikali pa perete. Kutsogolo kwawo bedi la amayi, poyera monga ndinapemphera, mutawafunditsa nsalu yobiriwira. Munachita bwino, kunali kamphepo. Amalume ndinawazindikira, anaima pafupi ndi shehe. Ndiye titangofika pamwamba pa nyumba, amuna onse anakweza manja nthawi imodzi. Anawaphunzitsa ndani zimenezi? Ine misozi inangoyamba yokha.

Valter anagwedeza mapiko, uku ndi uku, ndiye moni wa ife a m'mwamba. Ndinamugwira paphewa n'kumupempha kuti tibwerere, amayi amve bwino. Anatembenuza ndege mopendekeka moti magazi onse anathawira kumapazi, n'kutsika, kutsika, mpaka ndinati tithyola mapeyala. Ndinaona zipewa zikuuluka, nkhuku zikubalalika, akuluakulu ena akuwerama ndi mantha, ine kuseka n'kulira pamodzi. Mzimayi mmodzi anathamangira pakati pa msewu akutambasula manja onse awiri. Ndikuganiza kuti munali inu. Chibadwire sindinakuonenipo mukuthamanga choncho, ndipo ndadziwa kuti mwandikhululukira.

Chimodzi chokha chandidandaulitsa, nkhope ya amayi sindinaione, nsalu munaikokera kwambiri. Tsono mundiuze, anati chiyani atamva? Anadziwa kuti iyi ndiyo ya mwana wawo? Mulembe mawu awo onse monga munachitira ulendo uja, osachotsapo kanthu.

Bambo Gaspar akuliza hutala. Novembro wayandikira.

Mlongo wanu wosangalala,
Telmo

Lulimile
25 Outubro 2022

Telmo,

Moni ndilibe.

Pofika pano wamva pa wailesi. Ndinapita ku ofesi ya kampani yanu Lachisanu m'mawa, anati ndege ili kale m'mwamba, uthenga atumiza madzulo. Bambo Gaspar anafika Lamlungu akumwetulira, kalata yako atainyamula ndi manja awiri. Ataona mphasa ndi anthu pakhonde anavula chipewa n'kukhala pansi pafumbi. Ndinakaiwerengera kuseri kwa nyumba ndekha. Amalume anafunsa zimene walemba, ndinati wapereka moni.

Amayi anatisiya Lachisanu kukucha, atatsamira pachifuwa panga. Abale awo anati aikidwe tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu, ikatha swala ya Ijumaa. Chimene unaona si bedi, Telmo, linali jeneza, chonyamulira maliro. Mizere ija inali ya swala ya maliro, ndipo manja aja sanakwezere iwe. Tinakulira m'tchalitchi cha bambo, inde, koma maliro a kwa amayi unapitako ambiri. Ukanayang'ana ngati mwana ukanadziwa. Unayang'ana ngati wowerenga njovu.

Mutadutsa ulendo woyamba shehe anangodikira kuti phokoso lithe. Ulendo wachiwiri mphepo yako inavundukula nsalu ya pa jeneza, amalume anachita kuigonera kuti isapite. Madala oyendera ndodo anagwa chogwada m'fumbi, zipewa zili uko, ndipo swala anaiyambiranso. Palibe anafunsa kuti ndegeyo ndi ya ndani. Amayi anali atauza mzikiti wonse. Wothamangira mumsewu uja ndinali ine, sunalakwitse. Ndinkakuuza kuti uchoke.

A ku ofesi akuti sukudya, wasiya kuuluka, ndipo shefe wako wati akubweretse pa ndege ku sadaka ya masiku makumi anayi. Iyo ayi. Masiku ano kandege kakalira pa Lulimile anthu amayang'ana pansi pondimvera manyazi. Ukafuna kubwera ukwere kumbuyo kwa kamiyau, pa migolo, kuti msana wako udziwe kutalika kwa kumene unali. Chitseko sindikutsekera, nyumba ndi ya amayi ako. Koma usayembekezere kuti ndidzakutonthoza. Ndakwiya, ndatopa, ndipo ndikuwasowa kuposa mmene ndimaganizira.

Wafunsa kuti anati chiyani. Lachisanu sananene kanthu. Ananena Lachinayi madzulo, ndipo ndilemba osachotsapo kanthu monga wapempha. Anandiuza kuti ndiwasambitse, ndiwamange duku latsopano, ndiwapake mafuta kumaso ndi m'manja, poti mawa mwana akudutsa. Ndinali nditatopa, ndinawayankha moipa. Ndinati, "Amayi, munthu ali kumwamba saona mafuta, ndipo wanena yekha kuti satera." Ndinayesa agona. Kenako anatambasula manja awo otupawo n'kunena kuti, "Paka basi. Akandiona atera."

Laurinda